Mowa wa Misere wa a Gligor

A Gligor Stamenov adakhala zaka makumi atatu ndi zinayi akutsekula ndi kutseka zipata za ngalande zothirira mpunga m'dambo la Kochani. Pa zaka zimenezo boma lidasintha dzina, mbendera ndi ndalama. Ofesi yawo idasintha chikwangwani kasanu, ndipo nthawi iliyonse ankalandira kalata yowadziwitsa kuti tsopano ali pa ntchito yatsopano. Ntchito yatsopanoyo idali kudzuka m'mawa, kupalasa njinga, ndi kupotokola chitsulo chomwe chija kuti madzi adutse. Madzi okha ndiwo sankawerenga makalata. Tsiku lomwe adapuma pa ntchito adawapatsa wotchi ya pakhoma yomwe inkafulumira ndi mphindi khumi, ndipo a Gligor adailandira ndi manja awiri, poti chidali chinthu choyamba cha ku ofesiko kufika nthawi isanakwane.

Chaka chomwe mwana wawo Menka adatomeredwa, mtima udawagwetsa pakhomo pa khola la nkhumba. Adatsitsimukira kuchipatala. Dokotala wake adali mayi wamng'ono thupi, wolankhula ngati akudula nkhuni.

"Rakiya, kachasu wathu uja, ndiye mwasiyana naye, bambo. Mukamwa kapu imodzi mudzandipeza pano. Mukamwa ziwiri simudzandipezanso."

"Nanga mowa wamba, adokotala?"

"Wopepuka kwambiri, ndipo pang'ono. Pang'ono pa ine, osati pang'ono pa inu."

A Gligor adathokoza, ndipo kuthokoza kwake kudali kochokera pansi pa mtima womwewo. Koma ali m'basi pobwerera adayamba kuwerenga matebulo. Ukwati wa Menka udali wa mu Sepitembala, matebulo makumi awiri ndi awiri. Kwathu kuno bambo wa mkwatibwi amazungulira tebulo lililonse atanyamula chakumwa cha pakhomo pake, nkugunditsa kapu ndi mkulu wa patebulopo, nkuyang'anana naye m'maso, nkumwa mpaka kapu iume. Kugunditsa kapu ya madzi ndi kuitanira tsoka m'banja latsopanolo. Kudumpha tebulo ndi kugula udani woti zidzukulu zidzaupeza. Rakiya adalipo, mbiya yathunthu yomwe adaikwirira tsiku lomwe Menka adabadwa. Koma makapu makumi awiri ndi awiri a rakiya, kwa munthu amene adamuuza kuti ziwiri zokha zimukwanira!

"Ingokhalani pansi, bambo a Menka," adatero akazi awo, a Stoyna. "Anthu adzamvetsa."

"Adzamvetsa, inde. Adzamvetsa kwa zaka makumi awiri, pa maliro alionse ndi pa ubatizo ulionse."

Bambo a mkwati adali a Pande, munthu wa kumapiri, mlimi wa balere ndi maula, wotcheza rakiya woti ukamununkhiza nsidze zimapsa. Atamva nkhaniyi adatsika kudzazonda wodwala, atanyamula botolo lomwe adamwa okha.

"Musadandaule, asewere," adatero a Pande. "Tidzakuikirani mbuzi pambali, muzikama tebulo lililonse."

Maganizo a mowa adawabwerera a Gligor tsiku lina akuwerenga kapepala ka pa botolo la mowa wa m'sitolo, poti munthu woletsedwa kumwa amasanduka wowerenga. Padalembedwa kuti madzi, balere, chimanga, mpunga. Chimanga chidali m'nkhokwe. Misere ya mpunga, ija imatsala kuchigayo, idali matumba awiri odyetsera nkhuku. Akafulula okha, ukhala wa pakhomo pawo, ndipo akauchepetsa ukali mmene afunira. Mwambo sudatchulepo dzina la chakumwa.

Mawu amodzi okha pa kapepalapo ndiwo adawadumpha dala. Munthu wa m'dambo sadya balere. Balere ndi chakudya cha abulu ndi cha anthu a kumapiri, ndipo m'dambo muno sasiyanitsa kwenikweni. "Akuika balere chifukwa alibe mpunga wabwino," adatero a Gligor. "Mpunga wa Kochani susowa wouthandiza."

Adabwereka mphika waukulu womwe a Stoyna amaphikira tsabola wa m'mabotolo, nkuphika misere ya mpunga ndi ya chimanga, nkuziziritsa, nkuthira yisiti, nkuvindikira. Adadikira masabata awiri. Atavundukula adapeza phala. Lidali phala lowawasa, lolimba moti mthiko unkaima wokha. Nkhumba zidadya lonse, ndipo a Gligor adaziyang'anitsitsa madzulo onse mwina imodzi nkudzandira. Zidagona bwinobwino ngati madikoni.

Adayesanso kachiwiri, phala lomwelo. Apa Juni adali atapita.

"Pitani kwa asewere anu," adatero a Stoyna akutsuka mphika wawo. "Mayi awo ankafulula."

"Ine kukapempha balere kumapiri?"

"Kapena mukapemphe mbuzi ija."

Adapita pa njinga, nkumaikankha pa chitunda. A Pande adawamvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili phee, ngati wansembe womva kulapa kwa munthu amene adamuyembekeza nthawi yaitali.

"Thumba la balere? Bulu wanu wabereka, asewere?"

"Sekani, Pande. Mukatha mundipatse."

"Ndiseka, musandithamangitse. Mpunga wanuwo uli ngati bwana wa ku ofesi. Ndi woyera, ndi wodula, koma pawokha sugwira ntchito. Umafuna wa kumapiri kuti aupangire zonse, dzina nkukhala lake."

Atatha kuseka adawaphunzitsa. Balere umuviike masiku awiri, umuyale pansi pozizira mpaka atulutse timizu, kenaka umuyanike padenga, umupere. Chimenecho ndiye chimera. Phala la mpunga ndi chimanga uliphike palokha mpaka lipse, ulisiye lizizireko kufikira poti chala chikhoza kulowa koma osakhalitsamo. Pamenepo uthire chimera, utakase, ufunditse mphika ndi bulangete, usiye. A Pande adakana ndalama ya balereyo. Adati akamulipira adzasowa chonyozera.

A Gligor adachita monga adauzidwa. Atachotsa bulangete patapita ola limodzi, mthiko udagwa. Phala lija lidali litasungunuka, lasanduka madzi otuwa, ndipo atalawa lidali lotsekemera ngati wathiramo uchi. Adaitana a Stoyna mofuula moti mayiwo adabwera akuthamanga, akuganiza kuti ndi mtima uja.

Adasefa ndi katani yakale ya kuchipinda. Chowawitsa mowa sadagule. Hopu, chomera choyanga chija, chimamera chokha m'mbali mwa ngalande, ndipo a Gligor adakhala zaka makumi atatu ndi zinayi akuchisadza molamulidwa ndi ofesi. Maluwa ake ouma adawapeza kwa mayi wina amene amaika mu mtsamiro kuti agone bwino. Adaponya dzanja limodzi lokha mumphika wowira, adaonjeza madzi ochuluka koposa momwe wofulula aliyense wodzilemekeza angaonjezere, nkutsitsa mbiya m'chipinda cha pansi. Pakutha pa Ogasiti mabotolo makumi asanu ndi limodzi adali akulendewera m'chitsime, m'madengu.

Mowawo udali woyezuka ngati udzu wouma, wa thovu loyera, wosawawa, wosalemera m'mimba. A Pande atalawa adatafuna mkamwa ngati akufunafuna china.

"Mowa uli kuti, asewere? Ndangomva kuti wadutsa."

Ndiye padatsala boma. Ukwati udali wochitikira mu holo ya khonsolo, ndipo chakumwa chilichonse cholowa mmenemo chinkafuna chikalata. Kalaliki wake adali a Naum, munthu waulemu amene ankapukuta chidindo chake ndi mpango wa m'thumba. Fomu idali ndi mabokosi atatu: vinyo, rakiya, zoziziritsa kukhosi za m'sitolo.

"Mowa wofulula pakhomo mulibe m'fomu muno, bambo Stamenov. Ndiye kuti kulibe."

"Ndi uwu m'botolomu."

"M'botolo ulimo, sindikukana. Ine ndikunena za m'fomu."

A Naum adati nkhaniyi ikufuna kafukufuku, ndipo botolo lidatsala. Ulendo wachiwiri adati kafukufuku woyamba sadapereke yankho lomveka. Ulendo wachitatu adatulutsa fomu ina, ya zakudya, nkulembapo mosamala kuti msuzi wa mpunga wozizira, malita makumi atatu. Adadinda kawiri. A Gligor adawaitana ku ukwati, monga mmene munthu amachitira.

Tsikulo dzuwa lidaswa mtengo. Mu holo munkatentha ngati mu uvuni, ndipo oimba malipenga adavula majekete nyimbo yachiwiri isanathe. A Gligor adayamba ulendo wawo masana, kakapu komwera rakiya kali m'dzanja, a Stoyna pambuyo ndi botolo la m'chitsime.

Patebulo loyamba adawaseka. "Gligor, ukumwa chiyani, madzi otsukira mpunga?" Wina adapempha kulawa kuti aseke bwino. Adalawa, nkupempha kapu yaikulu. Rakiya wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndi waulemu, koma pa kutentha koteroko munthu amafuna chothetsa ludzu. Mbiri idayenda mofulumira kuposa mwini mowa. Azimayi amene samwa adati uwu si mowa, chikalata chilipo, ndi msuzi. Patebulo la a Naum kafukufuku adapitirira mwakhama.

A Gligor sadaone zonsezi. Ankagunditsa, kuyang'ana m'maso, kumwa, kupita patsogolo, miyendo ili nji, mutu uli mbee. Atatsala ndi matebulo anayi, a Stoyna adawakoka jekete.

"Watha."

"Tengani lina."

"Ndati watha, bambo. Madengu onse."

Matebulo anayi otsalawo adali a kumapiri, abale a a Pande, anthu amene amawerenga chipongwe kufikira m'badwo wachinayi. Mkulu wawo, a Dimko, adali ataimirira kale. Ataona kapu ya a Gligor ili gwa, adaidzaza ndi rakiya mpaka m'milomo.

"Zamasewera zatha, wa m'dambo iwe. Tsopano imwa ndi amuna."

A Gligor adayang'ana kapuyo. Adayang'ananso kutsogolo kwa holo, komwe Menka adali atasiya kulankhula ndi mwamuna wake, dzanja lili pakamwa. Imodzi, adatero dokotala, mudzandipeza. Koma matebulo adali anayi. Kuika kapu pansi ndiye kuti Menka akalowa m'mudzi wa anthu amene bambo ake adawakana pamaso pa dziko lonse. Adaitukula.

Dzanja lina lidawagwira pamkono.

"Achimwene, mwakalamba mpaka kuiwala mwambo?" adatero a Pande kwa a Dimko, mokweza kuti matebulo onse anayi amve. "Kwathu kumapiri, matebulo a kuchimuna bambo wa mkwatibwi amagunditsa ndi kuyang'ana m'maso, koma womwa ndi bambo wa mkwati. Kapu imodzi, anthu awiri. Ndiye kuti mabanja alumikizana."

A Dimko adatsinzina diso limodzi. "Mwambo umenewo unayamba liti?"

"Munali ku usilikali."

"Ndinangokhalako chaka chimodzi."

"Chaka chomwecho."

Nkhalamba ina ya patebulopo, yosafuna kuoneka kuti pali mwambo womwe siudziwa, idagwedeza mutu nkunena kuti agogo ake ankatero ndithu. Nkhani idathera pomwepo. A Gligor adagunditsa, adayang'ana a Dimko m'maso, nkupereka kapu. A Pande adagugudiza. Adatero patebulo lachiwiri, lachitatu ndi lachinayi, pamwamba pa zomwe adali atamwa kale chiyambire m'mawa, ndipo pomaliza a Gligor ndiwo ankawagwira chigongono.

"Musandithokoze, asewere," adanong'ona a Pande. "Balere uja ndi wanga. Sindingalole kuti amunamizire kuti anapha munthu."

Dzuwa lisanalowe a Gligor adatsogolera gule, mpango m'dzanja lamanja, Menka kudzanja lamanzere, mzere wa anthu ukuzungulira holo mpaka kutulukira pabwalo. Adavina nyimbo yonse. Menka adawafinya zala mpaka kupweteka. A Pande guleyo adamuonera ali chigonere m'ngolo ya thirakitala, akuwongolera oimba ndi phazi.

Papita zaka zisanu ndi ziwiri. A Gligor amafululabe chaka ndi chaka, ndipo pakona ya munda wawo, kumbuyo kwa chimanga komwe odutsa saona, pali mizere ingapo ya balere. Dengu loyamba limapita kwa dokotala uja, amene amati salandira mphatso koma dengu limabwerako lopanda kanthu. Lachiwiri amalikankha pa njinga kukwera chitunda. A Pande amalilandira nkunena kuti bulu wawo amaukonda.

Chaka chatha khonsolo idasindikiza kabuku ka miyambo yakale ya dera lino, kolembedwa ndi a Naum. Pa tsamba lachisanu ndi chinayi pali mwambo wa kapu imodzi anthu awiri, womwe kabukuko kakuti udayamba zaka mazana atatu zapitazo. A Gligor adagula makope awiri. Limodzi adapereka kwa a Pande. Linalo adasungira mdzukulu wawo wamkazi, kuti likadzafika tsiku lake pasadzapezeke wotsutsa, poti zidalembedwa ndipo chidindo chilipo.