Zimene azakhali ananong'ona m'nyumba ya siwa

Anzanga, pezani pokhala, foni muyambe mwaibisa m'thumba. Inde ndikutero ineyo, woti ndimagona nayo m'manja. Nkhaniyi ndi ya azakhali anga, achemwali awo a bambo, amene ndinakula nawo pakhomo pathu ku Dambe.

Azakhali sankalowa m'nyumba ya siwa. Mukudziwa mmene zimakhalira pamaliro, eti, azimayi mkati ndi thupi, azibambo panja. Iwo ayi. Ankafika n'kuima pafupi ndi nkhokwe, chitenje chili kumutu, mpaka bokosi litatuluka. Anthu n'kumanong'onezana zaufiti. Kusukulu anzanga ankandifunsa kuti kodi kwanu mumadya ndiwo zanji, ine manyazi mpaka kulakalaka kulowa pansi.

Tsiku lina tikutong'ola chimanga ndinalankhula mwano za azakhaliwo. Amayi anandigenda kaye ndi chitsononkho pamphumi, kenako ndi pamene anandiuza.

Nthawi ya chipani chimodzi, azakhali ali mtsikana, ankasoka fodya pa esiteti ina kumunsi uko. Ntchito yofanana ndi ya amuna, malipiro ochepera. Ndipo mayi akangooneka kuti ndi woyembekezera, kapitawo ankangomulozera kuchipata, basi. Azakhali sukulu sanapite nayo patali, koma ankanena kuti manja amene asoka fodya ndi amene ayenera kudya za fodyayo, kaya ndi a mwamuna kaya a mkazi. Mawu otero nthawi imeneyo munthu ankasowa nawo. Azimayi atatu akangochedwa pachitsime, anyamata a chipani afika kale, pakamwa akufunsa makhadi, makutu ali kwina.

Ndiye azakhali anaona malo amodzi amene mnyamata wa chipani sangakhalemo: m'siwa. Mwamuna amangolowa kuona nkhope n'kutuluka. Otsala ndi azimayi okhaokha, othithikana pamphasa, kulira ndi nyimbo zikuphimba mawu. Azakhali ankanong'oneza wa kumanja kwawo, uyo n'kuuza wina, nkhani n'kuzungulira nyumba yonse nyimbo isanathe. Magulu athu a pafoniwa achepa, ndikukuuzani.

Chimene ankafuna ndi ichi: fodya akakhwima, tsiku limodzi azimayi onse asakhudze tsamba mpaka ochotsedwa aja atabwerera pantchito. Fodya sadikira munthu. Koma kuti auzane tsikulo panafunika maliro, ndipo maliro sachita kuitanitsa.

Anachitika. Anamwalira mwana wa mnzawo wapamtima, kamwana kongoyamba kumene kuyenda. Mayi ake anali mmodzi mwa ochotsedwawo, anamuthamangitsa ali ndi pakati pa mwana yemweyo. Azakhali atalowa m'mawa, namfedwayo anawagwira dzanja. Anali atadziwa kale chimene chili m'kamwa mwawo.

"Achemwali, lero lokha ayi. Mundisiyire mwanayu ndimulire."

Azakhali anakhala pansi. Nyimbo inatha, ina inayamba. Panja nyundo ikumveka, akukhoma kabokosi. Kumunda fodya akupsa. Kenako anatembenukira kwa mayi wa kumanja kwawo n'kutchula tsiku.

Amene analipo anauza amayi anga kuti namfedwa anaziona. Anaona mitu ikuweramirana, pakamwa ndi khutu, pakamwa ndi khutu, kuzungulira mwana wake. Anasiya kulira pomwepo. Sanalirenso mpaka kumanda.

Tsikulo litafika, m'zigafa munali zii. Fodya anayamba kuwola, eni esiteti anagonja, oyembekezera anabwerera pantchito. Zinatheka ndithu. Koma sipanapite nthawi, galimoto inafika m'mudzi. Wina anali ataulula kuti zinapanganidwa pamaliro aja. Anatenga azakhali. Anatenganso namfedwa, poti nyumba inali yake, iye woti sanatchule ngakhale liwu limodzi. Azakhali anabwerako patapita zaka, mano akutsogolo palibe. Mnzawoyo sanabwere. Palibe anaona thupi, palibe manda. Nyumba yake inagwa yokha, ndipo pamalopo mpaka pano palibe amene amalimapo.

Nditamva zimenezi ndinasiya chimanga n'kuthamangira kwa azakhali. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ine pakamwa sipagwira, mukundidziwa, ndinangowafunsa ngati amanong'oneza bondo. Anandiyang'ana n'kundibwezera funso.

"Iwe, ndiye unkafuna tidikire mwana wa yani?"

Anapitiriza kusankha. Kenako, ngati akulankhula ndi nyembazo, anati dzanja lawo lamanzere, pamene mayi uja anagwira, silinafundepo chiyambire tsiku limenelo. Anandipatsa kuti ndiligwire. Anali masana, dzuwa likuswa mtengo, ine thukuta kamukamu. Dzanjalo linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Mwina ndi ukalamba, sindikudziwa. Ndinalisiya msanga, ndipo iwo anaona kuti ndalisiya msanga.

Azakhali anatisiya ndili kale wamkulu. Ndafufuza pafoni mpaka mayunitsi kutha, palibe chimene chimatuluka za iwo, ngakhale za mnzawoyo. Zatsala kwa ine ndi amayi basi, ndiye pano kwa inunso.

Ndiye tandiuzeni anzanga. Mukanakhala inu pamphasa paja, mnzanu wakugwirani dzanja, kamwana kake kali apo, fodya akupsa, mukanatchula tsikulo kapena mukanatseka pakamwa?