Wailesi yoduka pa ndime yachitatu

Lolemba lapitali ndinaimika galimoto m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pokhotera ku Bandawe, n'kuyamba kumenya dashibodi. Ndinamenya ndi chikhatho, kenako ndi nkhonya, kenako ndi faelo ya kuntchito. Mayi wina wosenza mtanga wa chinangwa anaima n'kundiyang'ana kwa kanthawi, n'kufunsa ngati m'galimotomo mwalowa njoka.

Munalibe njoka. Wailesi inali itaduka mawu.

Amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti akazi anga, NyaLongwe, anatisiya chaka chatha. Sindilemba zambiri za zimenezo, ndipo sindiyamba lero. Koma kuti mumvetse chimene chimachititsa munthu wophunzira kukoleji kumenya galimoto yake anthu akuona, muyenera kudziwa za chimbale.

Galimoto yangayi ndi yakale, yochokera ku Japan, ndipo ine ndine mwini wake wachitatu kapena wachinayi. Mabatani a wailesi yake ndi olembedwa m'Chijapani, moti ndimawadziwa ndi malo, osati ndi dzina. Zaka zitatu zapitazo NyaLongwe analowetsamo chimbale cha kwaya ya kutchalitchi kwathu, imene iwo ankaimbamo. Chinalowa bwinobwino, koma sichinatulukenso. Ukadina batani lotulutsira, wailesi imalira ngati mphaka wotsekeredwa m'khitchini, n'kuyambiranso nyimbo yoyamba.

Amene anajambula kwayayo anapita ku Joni ndi kompyuta yake. Zimbale za oimba anzawo zinakandikakandika, ndipo china ndinachiona chikung'anima m'masipoko a njinga. Chatsala n'changa chokha, ndipo nyimbo yachinayi amatsogolera ndi NyaLongwe. Mawu awo ndilibe kwina kulikonse.

Vuto la kudukali silinayambe lero. Iwo ali moyo, chimbalecho ndinkamvera tikakhala awiri basi, ndipo wailesi inkakonda kuduka pa nyimbo yachinayi yomweyo, ikafika ndime yachitatu. Manambala a pawailesi ankapitirira kuyenda, koma mawu zii. Ine, monga mwamuna wa panyumba, ndinapeza mankhwala ake: kumenya dashibodi katatu, kudikira pang'ono, kumenyanso kamodzi chakumanzere. Mawu ankabwerera. NyaLongwe ankandiyang'ana mwaulemu kwambiri n'kunena kuti, "Sukulu ndi yabwino, ada."

Ndinkavomera. Ndinafika powafotokozera kuti m'kati mwa wailesi muli kagalasi kowerenga chimbale, kamene kamafuna kugwedezedwa. Ankamvetsera bwino.

Chichitikireni maliro, mankhwala angawo sagwiranso. Wailesi imaduka paliponse, nthawi iliyonse, ndipo ngakhale ndimenye chotani imabwerera pamene yafunira yokha, moti ndime yachitatu ija inkandidutsabe. Ine ndimagwira ntchito ya ulangizi kwa alimi a mpunga ku Limphasa, ulendo wa tsiku ndi tsiku. Sindinkadziwa kuti galimoto yaing'ono chonchi ingakhale ndi malo aakulu chotere mukakhala chete.

Koma tiyeni tinene zoona, abale anga. Ndani wa inu sanamenyepo chipangizo?

Tochi ikazima timaimenya pachikhatho. Wailesi yakanema ikayamba kuonetsa mchenga timaipatsa mbama kumbuyo. Mabatire a rimoti akatha timawaluma ndi mano, kenako timawayanika padenga ngati usipa. Chinthu chikadzuka timati tachikonza. Chikapanda kudzuka timati sitinamenye pamalo pake. Tili ndi chikhulupiriro chachikulu kuti makina ali ngati bulu: akudziwa ntchito yawo, kungoti ndi amwano.

Ndipo ukangonena vuto lako pagulu, aliyense amasanduka makaniko.

Wanga anali alamu anga, a Longwe, mchimwene wa malemu. Iwo ndi msodzi, ndipo injini ya boti amaimasula ndi kuimanganso atatseka maso. Chifukwa cha zimenezi amaona kuti chilichonse chokhala ndi waya chili pansi pa ulamuliro wawo. Lachiwiri madzulo ndinawauza za nkhaniyi. Anazungulira galimoto kawiri, anamenya tayala ndi phazi, n'kulengeza kuti ndi batire. Tinapukuta mitu ya batire ndi phulusa. Wailesi inaimba mpaka pageti, n'kuduka.

Anati ndiye ndi fyuzi. Tinazula mafyuzi onse imodziimodzi n'kuwayang'ana kudzuwa. Onse anali amoyo, koma powabwezera tinasokoneza malo, moti ndikaponda buleki ankalira ndi hutala.

Titakonza zimenezo anakhala pamwala n'kundifunsa kumene wailesiyo imakonda kudukira masiku ano. Nditati pokhotera ku Bandawe, anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kumeneko n'kumene tinaika mlongo wawo.

"Alamu, imeneyi si nkhani ya waya. Akufuna mukhote mukawaone."

Ndinawauza kuti ndimapitako Loweruka lililonse. Ndinawakumbutsanso kuti pokhotera pomwepo pali dzenje lamumsewu limene mbuzi ingamweremo madzi. Iwo anati dzenjelo analiona, koma ndani analiika pamenepo?

Sindinawatsutse. Aliyense amalira mlongo wake m'njira yake.

Chimene ndinatsutsa ndi chotsatira. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpeni wotumbulira nsomba ndi mbedza yowongola. Nzeru yawo inali yakuti mpeni utsegule pakamwa pa wailesi, mbedza ikole chimbale pabowo lake lapakati, ndiye tikoke ngati kampango. Anali atalowetsa kale nsonga ya mpeni pamene ndinawagwira dzanja. Sindinawagwirepo choncho chikwatireni mlongo wawo. Khoswe wa pamkhate sapheka, ndipo alamu anga anali atanyamula kale chibonga.

Lachinayi ndinapita kwa Che Saidi, mkulu wochokera ku Nkhotakota amene amakonza mawailesi ndi mafoni pa Chintheche. Ndinawafotokozera zonse, kuphatikizapo za kagalasi kofuna kugwedezedwa. Anandimvetsera mmene namwino amamvetserera wodwala amene wabwera atadziyeza yekha. Kenako anafunsa funso limodzi: ikaduka, magetsi a pankhope pake amazima, kapena manambala amayendabe?

Ndinati amayendabe.

Anati ndiye batire talilakwira, fyuzi tailakwiranso. Wailesi ikuimba, kungoti mawu sakufika. Anaika khutu pachitseko cha dalaivala n'kundifunsa kuti sipika ya mmenemo inafa liti. Sindinkadziwa n'komwe kuti inafa. Zaka zonsezi galimoto yonse inkadalira sipika imodzi, ya chitseko chakumanzere.

Anagwada, n'kusuzumira pansi pa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera. Kumeneko anapeza waya wopita ku sipikayo, wolumikizidwa ndi mwini galimoto wina wakale mwa kungopotokola n'kukulunga tepi wakuda. Mfundoyo inali kuseri kwenikweni kwa pulasitiki. Che Saidi anayatsa wailesi, n'kudina pulasitikiyo ndi chala. Mawu zii. Anachotsa chala, kwaya n'kubwerera. Anachita zimenezi kanayi, akundiyang'ana.

Kenako anandionetsa malo amene ankadinawo. Pulasitiki yonse inali yotuwa ndi fumbi, koma pamenepo panali posalala, ponyezimira, kukula kwake ngati ndimu.

"Bwana, pampando apa ankakhala ndani? Ili ndi bondo."

Ndinayang'ana mpando umene ankakhala NyaLongwe. Che Saidi sanafunsenso. Anangoti mfundoyo yadinidwa kwa nthawi yaitali mpaka yafooka, n'chifukwa chake tsopano imamasuka yokha padzenje lililonse.

Tinagwirizana kuti waya awotcherere, sipika yakufa asinthe, ndipo wailesi yakale ichoke, ibwere yatsopano yolandira fulashi ndi yolumikizana ndi foni. Koma ndinawauza kuti chimbale chikakandika, zonsezo n'zopanda ntchito kwa ine. Anati amva.

Anazula wailesi, anaiika pathebulo pamwamba pa nsalu, n'kumasula tizitsulo take kamodzikamodzi, akuika m'chivundikiro cha botolo. Ine ndinaima pakhomo ngati munthu wodikira kunja kwa chipinda cha opaleshoni, ndikuwerenga mitengo ya machaja yolembedwa pakhoma. Ndinaiwerenga kasanu ndi kawiri. Patapita nthawi anatukula chimbale ndi zala ziwiri m'mphepete mwake, anachiuzira mpweya, n'kuchilowetsa m'kompyuta. Nyimbo zonse zinakopedwa, pafulashi ndi pafoni yanga.

Poyesa wailesi yatsopano tinakhala tonse m'galimoto, iwo kumpando wakumanzere. Ndinasankha nyimbo yachinayi. Ndime yoyamba inadutsa, yachiwiri inadutsa. Kenako inafika yachitatu, imene m'zaka zitatu ndinali ndisanaimvepo.

NyaLongwe analowa msanga.

Kwaya yonse ikupuma, kudikira dzanja la wotsogolera, iwo anayamba okha, ndi mphamvu zonse, mzere wathunthu. Ndipo unali mzere wa ndime ina. Atazindikira anaima pakati pa liwu, n'kumveka akunena chapansipansi m'Chitonga kuti mayo, ndachita chiyani. Kenako kuseka. Kuseka kwawo kuja kotulukira m'mphuno, kumene ankakubisa ndi mpango m'tchalitchi. Kwaya inalowa n'kuwakwirira, nyimbo n'kupitirira ngati palibe chachitika.

Ndiye kuti zaka zonsezo, ndime yachitatu ikayandikira, bondo linkapita pamalo pake. Ine n'kumamenya dashibodi katatu, kudikira, kumenyanso kamodzi chakumanzere. Manyazi akadutsa, bondo linkachoka, ndipo sukulu inkakhala yabwino.

Che Saidi anayesetsa kudzigwira. Anayang'ana kunja, anakhosomola, anakonza chipewa chawo. Ndinayamba kuseka ndine, iwo n'kutsatira. Zimene zinachitika pambuyo pa kusekako ndi za ine ndi Che Saidi.

Nditakonzeka kunyamuka anandiuza mokoma mtima kuti kompyuta yawo ikhoza kudula kachigawo kameneko, n'kulumikiza nyimbo bwinobwino, moti palibe angadziwe kuti malemu analakwitsa. Anati anthu ambiri amapempha zotero pa zithunzi ndi makanema a abale awo omwalira: kuchotsa botolo m'manja, kuwongola tayi, kuyeretsa nkhope.

Nkhani imeneyi ndakhala ndikuiganizira masiku onsewa.

Taonani mmene timalankhulira pamaliro. Woimira banja, woimira mpingo, woimira kuntchito, onse amaimirira n'kufotokoza munthu mmodzi yemweyo amene sanakhaleko chilengedwere dziko: wofatsa, wosakwiya, wosachedwa, wokonda aliyense. Pamaliro a NyaLongwe anati anali mzati wa kwaya, mawu awo ngati a mngelo. Ndinamva zonsezo ndili pamphasa, ndipo ndinayamikira. Koma munthu amene ankamunenayo sindinkamudziwa bwino. Amene ndinkakhala naye ine ankapsereza mpunga akamacheza pafoni, ankakana kuti wapsereza, ndipo ankati fungolo likuchokera kwa aneba.

Timadula, timalumikiza, timapukuta, mpaka womwalirayo atasalala moti palibe pomugwira. Timati ndi ulemu. Mwina ndi ulemudi. Koma mwana amene akukula osawadziwa amayi ake, mudzamupatsa chiyani? Mngelo? Angelo alipo kale ambiri, ndipo palibe mmodzi amene anam'bereka.

Ndinawathokoza Che Saidi n'kuwauza kuti asadule kalikonse. Ndinawapempha kuti andikoperenso pafulashi ina ya alamu anga.

Alamuwo ndinakawapatsa dzulo kugombe, akusoka ukonde. Tinamvera pafoni. Itafika ndime yachitatu anasiya kusoka. Anati tibwereze. Tinabwereza katatu. Kenako anandiuza kuti mlongo wawoyo anachitanso chimodzimodzi ali mtsikana, pa ukwati wa msuweni wawo, ndipo anathawa kukabisala m'munda wa chinangwa mpaka anthu atamwazikana. Nkhani imeneyi sinanenedwe pamaliro. Ine ndinali ndisanaimvepo. Tinakhala pamchenga mpaka dzuwa kutentha, iwo akutulutsa ina pambuyo pa inzake, ndipo panalibe ngakhale imodzi yoti n'kuinena m'tchalitchi.

NyaLongwe akanamva kuti ndalemba zimenezi m'nyuzipepala, sindikanadya masiku awiri. Ndikudziwa. Ndikanalolera.

Nanga inu, amene munaika wanu chaka chino kapena zaka khumi zapitazo, mukamuuza mwana za iye, mumamuuza ziti? Za pamwala wa pamanda zija, kapena za tsiku limene analowa msanga, yekha, ndi mphamvu zonse, pa mzere wolakwika?