Munda umene ndinauloza ndi choko

Uphunzitsi sindinaufune ine, unandipeza ndikukumba mbatata ya kachewere kwathu ku Mlangeni. Chinali chaka chija sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ana n'kukhamukira kusukulu ngati ngumbi. Malume anamva pa wailesi kuti boma likulemba aphunzitsi ogwirizira. Anatisula masabata owerengeka, basi, eti ndife aphunzitsi. Ine ananditumiza kusukulu ina cha ku Kasinje, komwe sindinkadziwako ngakhale munthu mmodzi.

Anandipatsa Chingerezi cha Sitandade 6. Kalasi yanga inali pansi pa mkuyu, bolodi lotsamiritsa pathunthu, chofufutira chinali chisanza chomanga ndi luzi. Buku limodzi ana ankaliunjirira ngati nkhuku pa madeya. Pofika masana mawu atasasa, mutu ukuwawa, sikimu ndi lesoni pulani zikundidikira, pakuti ahedi ankazisainira Lolemba lililonse. Nyimbo yawo inali imodzi: "Yambirani pa chimene mwana akuchiona, aphunzitsi."

Teremu yachiwiri anatiuza kuti kukubwera mlangizi wa maphunziro kudzationerera, ndipo wolephera alongedze azipita kwawo. Ine kubwerera ku khasu? Mtima unali m'mwamba sabata yonse.

Pa sikimu tsikulo panagwera phunziro la kasonyezedwe ka mwini wa chinthu. Ife timangoti mbuzi ya Uje, koma Angerezi amayamba ndi dzina, n'kuika kakoma pamwamba ndi chilembo cha s. Ndinkadziwa kuti ana amasokonezeka nazo, choncho ndinatsatira ahedi. Mlangizi atakhala pampando kumbuyo ndi fayilo yake, ndinanyamula kope la mwana wina, kenako chipewa changa, anawo n'kumayankha bwino. Ndinayamba kudzimva. Ndiye ndinaloza munda wa chimanga womwe unali tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi kalasi yathu, ndi kufunsa mwini wake.

Kunali zii. Ine wopusa ndinkayesa kuti Chingerezi chawavuta. Mnyamata wina, Lameki, anaimika mkono n'kunena kuti ndi wa bambo ake. Ndinalemba zilembo zikuluzikulu pabolodi: "It is Lameki's father's garden." Kenako monga mwa kaphunzitsidwe kathu, ndinati onse abwereze katatu mokweza.

Onse anabwereza kupatula Esinati, mtsikana wofatsa amene ankakhoza Chingerezi kuposa anzake onse. Ndinamuimiritsa kuti anene yekha. Anangozyolika. Ndinabwereza, iye duu. Ndinaona mlangizi akulemba m'fayilo muja. Esinatiyo ndinamugwaditsa pafumbi mpaka phunziro litatha. Pochonga makope ndinapeza kuti iye walemba "It is my mother's garden," kakoma kali pamalo pake bwinobwino. Ndinathetha ndi cholembera chofiira poti si zimene zinali pabolodi.

Mlangizi anandiyamikira kuti ndimagwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo ndiponso ndimadziwa kugwira kalasi. Ntchito inali yanga. Koma atangokwera njinga yake yamoto, ahedi anandikokera kuseri kwa ofesi n'kundifunsa ngati ndimadziwa mwini munda uja. Anandifotokozera kuti bambo a Esinati anakhala zaka zambiri ku migodi ya ku Joni, anabwerako ndi chifuwa, n'kumwalira chaka chapitacho. Mayi ake anakwatiwa chitengwa, ndiye mundawo unali kuchimuna, ngakhale kuti anauswa mphanje ndi manja awo bambo ali ku Joni. Tsopano mng'ono wa malemuyo, yemwe ndi bambo a Lameki, anali ataulanda, ndipo nkhani inali isanathe. Mudzi wonse unkadziwa, mpaka ana a Sitandade 1. Wosadziwa ndinali ndekha, wogwira choko. Safunsa anadya phula.

Choipa n'chakuti ana sasiya chinthu chimene achibwereza katatu. Poweruka anachisandutsa nyimbo, akumuimbira Esinati njira yonse mpaka pakhomo pawo.

M'mawa mwake mayi ake anabwera kusukulu. Ndinkayembekezera kutukwanidwa, ndipo bola akanatero. Anangogwada patali pang'ono ndi mkuyu uja, n'kundipatsa moni waulemu. "Aphunzitsi, Chingerezi ine sindichimva," anatero. "Koma akuti mlandu wathu mwagamula kale inu pabolodi. Ndangobwera kudzafunsa kuti munamva mbali yanga liti."

Ndinapepesa, ndinalonjeza kukonza m'kope muja, koma iwo anangoti zikomo n'kunyamuka. Esinati sanabwerenso. Ndinapita kwawo kawiri kukamunyengerera, iye n'kumabisala m'khitchini. Asanakolole n'komwe, anasamuka ndi mayi ake kupita kwawo ku Champiti, ndipo ndinamva kuti kumeneko sukulu sanapitirize.

Ndaphunzitsa mpaka imvi, ndatopa nazo, ndipo phunziro limeneli limabwera chaka ndi chaka. Ndimaliphunzitsa ndi mayina opeka, a anthu oti kulibe, ndipo aphunzitsi atsopano ndimawauza kuti usanaloze chinthu pamudzi wa eni, yamba wafunsa. Amandiseka kuti ndine wamantha. Sindiwatsutsa. Ntchito imene yandidyetsa moyo wanga wonse ndinaipeza pogwaditsa mwana amene ankanena zoona.