Masilipasi a Mayi Otília

Ku Smrekovo, mudzi wa m'mapiri a ku Orava, palibe amene sadziwa kulira kwa kathirakitala ka mayi Otília Kuklová. Kamayamba kakhosomola ngati nkhalamba yosuta fodya, kenako n'kuyamba kung'ung'udza. Anthu a m'kanjira ka kumtunda akamva zimenezo m'mawa wa nyengo yachisanu amadziwa kuti buledi afika ndipo ana alibe chonamizira, kusukulu apita basi.

Sikuti mayi Otília anabadwa okonda makina. Moyo wawo wonse anathera pa ntchito yopanga tchizi cha mkaka wa nkhosa, manja ali m'madzi amchere. Kathirakitalako kanali ka amuna awo, a Ambróz, omwe ankatchetchera nako udzu pabwalo la mpira la m'mudzimo. Poopa kung'amba bwalo, a Ambróz anakaveka matayala a pakapinga, aja otakata okhala ndi timano ting'onoting'ono tothithikana. Atamwalira iwo, kathirakitala kanangokhala m'shedi, nkhuku zikuikira mazira pampando. Ana awo okhala ku tauni ya Žilina ankaimba foni n'kumati, "Amayi, gulitsani chitsulo chimenecho." Mayi Otília ankangoti, "Ndamva, ana anga," koma osagulitsa.

Tsiku lina podutsa pabwalo paja anapeza udzu wafika m'mawondo, osewera akufunafuna mpira ngati anthu ozula bowa. Zinawapweteka mumtima. Anabwerera kunyumba, kupirikitsa nkhuku, n'kukwera pampando. Tsiku loyambalo anagwetsa mtengo wa golo. Anazimitsa injini n'kuyang'ana mtengo uli gone pansi, ndipo anaseka okhaokha pakati pa bwalo mpaka misozi kutuluka. Chimwalirire a Ambróz anali asanasekepo chotero. Kuyambira pamenepo sanafunenso kutsika.

Chisanu chitafika, chipale chofewa chogwa kumwamba chinakwirira mudzi monga mwa nthawi zonse. Chigalimoto chachikulu chokankha chipale chimangodutsa mumsewu waukulu, sichilowa m'kanjira ka kumtunda chifukwa n'kopapatiza komanso n'kotsetsereka. Mayi Otília anamangirira chikhasu chokankhira kutsogolo kwa kathirakitala n'kuyamba kulambula okha.

Koma kanjirako kanali kale ndi mwini wake amene ankalambulamo chipale. Ameneyo anali a Vendelín Tomaga, bambo wa thupi lalikulu ndi ndevu zapamlomo zonga tsache, amene anakalamba akukoka mitengo m'nkhalango. Nawonso akazi awo anali atamwalira. Thirakitala yawo sinali yaikulu kuposa ya mayi Otília, koma inali ndi matayala a kumunda, a mano akuluakulu opendekeka, oti akaponda pamatope amasiya mizere ngati akalozera. Atawaona mayi Otília akukwera chitunda, anaimitsa thirakitala, kuyang'ana matayala aja, n'kugwira m'chiuno.

"Mayi Otília, ulendo wa kuti mutavala masilipasi? Kubafa?"

"Nanga inu ndi majombo anuwo, a Vendelín? Mukufuna kudzala mbatatesi mumsewu?"

"Matayala amenewo ndi a pabwalo la mpira, mayi. Chipale sichiseweredwa."

"Patukani ndidutse, bambo. Mimba yanuyo yatseka njira kuposa chipale."

Anthu omwe anali pamakomo ndi mafosholo anafa nazo nseko. Kuyambira tsiku limenelo, kathirakitala ka mayi Otília kanatchedwa Silipasi, ndipo mkangano wa matayala unalowa m'nyumba iliyonse. Azimayi anali mbali ya mayi Otília, azibambo mbali ya a Vendelín, kupatula wogulitsa m'golosale amene ankavomereza aliyense wagula zambiri.

Oyamba kugwa manyazi anali mayi Otília. Kunagwa chipale chonyowa, cholemera ngati phala lozizira, chofika m'ntchafu. Atangokhota pangodya ya tchalitchi, timano tija tinadzaza tonse, matayala n'kusalala ngati dzira. Anangoyamba kuzungulira pamalo amodzi, kathirakitala kakumira pang'onopang'ono mpaka mimba yake kukhala pansi. Mayi Otília anayesa kutsogolo, anayesa kumbuyo, anayesa ngakhale mawu ena omwe sanenedwa pafupi ndi tchalitchi, koma ayi ndithu. Posakhalitsa anamva thirakitala ina ikubwera, mano ake akudya chipale n'kumachilavula kumbuyo, mwini wake akuimba mokweza.

"Mwaswera bwanji kubafako, mayi?" anafunsa a Vendelín akutsika ndi chingwe.

"Kokani chabe, a Vendelín. Nyimboyo musungire alendo."

Anawakoka ndithu, mosavuta n'komwe. Koma nkhaniyo anaifotokoza kumowa mpaka inakula. Poyamba chipale chinali m'ntchafu, kenako chinafika m'khosi, pamapeto pake ankati chomwe chinkaoneka ndi mpango wa kumutu wokha. Mayi Otília anangopita m'shedi kukafukula matcheni akale a a Ambróz, omanga pa matayala kuti asaterereke, kuwapaka mafuta, n'kuwayesa pa matayala a kumbuyo. Anakhala bwinobwino ngati anabadwira pomwepo.

Ndiye kunabwera masiku ofunda pang'ono. Chipale chinayamba kusungunuka, kunawaza kamvula, kenako chisanu chinabwerera ndi ukali. Kanjira ka kumtunda kanasanduka galasi. Linali tsiku lomwe mlongo wawo wa a Vendelín, mayi Perpetua, omwe amakhala nyumba yomaliza pamwamba pa chitunda, ankapha nkhumba, ndipo anthu onse a m'kanjirako anali oitanidwa kukathandiza kupanga masoseji ndi kudya. Ntchito ya a Vendelín inali kukweza chimphika chachikulu chowiritsira madzi. Anachiika m'kangolo n'kukoleka kumbuyo kwa thirakitala.

Mayi Otília anali pageti pawo, atanyamula beseni la anyezi.

"A Vendelín, mangani matcheni lero. Kumtundaku kulibe chogwira."

"Matcheni ndi a agalu, mayi. Ndiponso pa matayala angawa amangogwera m'mipata ya mano. Taonerani mmene amakwerera amuna."

Anakweradi, mpaka pakati pa chitunda. Koma mano akuluakulu aja amafuna chinthu chofewa choti alume. Pa madzi oundana ankangogunda ndi nsonga zokha, ngati munthu woyenda chonyang'ama. Matayala anayamba kuzungulira, thirakitala n'kuima. Kenako inayamba kubwerera chammbuyo, mwaulemu, mosafulumira. Kangolo kanapindikira kumbali, thirakitala n'kutembenuka yonse ngati ikuvina, a Vendelín atagwiritsitsa chiwongolero, maso ali tong'o, akufuula mayina a oyera mtima onse omwe ankawakumbukira. Ulendo unathera pa mpanda wa mayi Otília. Matabwa anati khwa! Mulu wa chipale unawalandira a Vendelín, ndipo chimphika chinadumpha n'kuyamba kutsetsereka chokha, chikulira ngati belu, agalu a m'mudzi onse akuchithamangira.

Mayi Otília anataya beseni n'kuthamanga. Atafika anapeza a Vendelín akudzuka, ndevu zili mbuu, akudzigwiragwira kuona ngati ziwalo zonse zilipo.

"Mwavulala?"

"Ayi. Chipewa chokha ndiye sindikuchiona."

Apo m'pamene mayi Otília anakhala pansi pachipale pomwepo n'kuyamba kuseka. Anthu onse omwe ankaonerera anatsatira, ndipo mapeto ake a Vendelín nawo anagwira mimba, phwete. Kenako mayi Otília analiza Silipasi, matcheni ali ngwerengwere, n'kukoleka kangolo kaja. Anthu anabweza chimphika, ndipo poti panafunika munthu wochigwirira, anakweza a Vendelín. Anakwera chitunda chonse osaterereka ngakhale pang'ono, bambo wamkulu atakhala m'kangolo atakumbatira mphika, azimayi akuwaimbira nyimbo ya mkwatibwi.

Kwa mayi Perpetua tsiku limenelo kunadyedwa ndi kumwedwa. Slivovica, kachasu uja wa mapulamu, atazungulira, a Vendelín anaimirira ndi kapu m'manja.

"Anthu inu, mundimvere. Pachipale chakuya, majombo. Pagalasi ngati la leroli, masilipasi ndi matcheni ake. Ndavomera. Ndipo mpanda ndikonza ndine."

Anabweradi m'mawa mwake ndi hamala ndi misomali. Matabwa othyoka anali ochepa, ntchito yoti munthu wamphamvu n'kuimaliza asanamve njala. Koma a Vendelín ankakhoma thabwa limodzi, kuliyang'ana chapatali, kupukusa mutu, n'kulizulanso. Nthawi ya nkhomaliro mayi Otília ankawaitanira supu ya kabichi wowawasa ndi soseji. Mawa lake ankabweranso. Anthu oyandikana nawo anayamba kufunsana ngati kumeneko kukumangidwa mpanda kapena tchalitchi.

M'masiku omwewo anapeza njira yogwirira ntchito limodzi. Kukagwa chipale chambiri, a Vendelín ankatsogola kuswa njira, mayi Otília akutsatira pambuyo kupala zotsala mpaka pakhomo la munthu aliyense, poti matayala awo sankaswa miyala yoyala pamakomo. Kanjira ka kumtunda kanayamba kuyera msanga kuposa msewu waukulu.

Chipale chitayamba kuchoka m'mapiri, mayi Otília anatuluka tsiku lina n'kuwapeza a Vendelín akuzulanso thabwa lomwe anakhoma dzulo lake.

"Bambo inu, thabwa limenelo latopa. Ngati pali mawu, nenani. Ngati palibe, khomani muzipita."

A Vendelín anavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola.

"Ndimati, mayi, shedi yanuyi ndi yaikulu. Mathirakitala awiri akhoza kukwanamo."

"Mukufunsira shedi kapena mwini wake?"

"Zonse, mayi, ngati n'kotheka."

Ukwati unachitika nthawi yotchetcha udzu, madyerero ake pabwalo la mpira pomwe paja. Ana a ku Žilina anabwera ndi zidzukulu, ndipo anadabwa kuona amayi awo akuvina mpaka oimba kupempha kupuma.

Papita zaka tsopano. Bondo la a Vendelín linakana zoponda mapedulo, choncho thirakitala yawo anapatsa mwana wa mlongo wawo, amene ndiye amaswa njira kukagwa chipale chakuya. Koma a Vendelín sanakhale pansi. Kathirakitala kakang'ono kamafuna cholemera kumbuyo kuti matayala agwire bwino. Ena amaika matumba a mchenga, ena zitsulo. Mayi Otília anakhomera bokosi lamatabwa kumbuyo, kuyalamo chikopa cha nkhosa, n'kuikamo amuna awo. Amakhala m'menemo atayang'ana kumbuyo, ndowa ya phulusa ili pamiyendo, akuwaza poterera ndi kupereka moni kwa aliyense.

"Otília, kumanzere! Ukugunda geti la eni ake!"

"Inu khalani phee, ntchito yanu n'kulemera."

Ndipo amalemeradi mokhulupirika. Mayi Perpetua akawauza kuti achepetse masoseji, a Vendelín amayankha kuti sangayerekeze, chifukwa akaonda iwo anthu a kumtunda agona ndi njala. Akatero amatambasula dzanja kutenga ina, mayi Otília n'kuwakankhira mbale pafupi.