Mpunga wa Mayi Hafsa

Ku msika wa Songani munthu sagula mpunga osafunsa kwawo. Amatapa pang'ono, kununkhiza, kuluma njere imodzi, kenako: "Ngwa kuti umenewu?"

Mayi Hafsa, amene benchi yawo ili pafupi ndi yanga ya tomato, ankayankha mokweza mawu: "Wa ku Namitoso, wolima ndekha!" Anabadwira komweko, kutsidya kwa mtsinje, ndipo dimba limene amalima linali la amayi awo. Amuna awo atamwalira, mpungawo ndi umene unkaphunzitsa mwana wawo wamkazi, Rahema, ku sekondale.

Chaka chatha njinga ya kalaliki wina inapezeka ku Namitoso itabedwa. Pa gulu la WhatsApp la anthu a m'dera lino wina analemba kuti, "Phanga la mbava lija layambanso." Lija liti? Palibe anafunsa. Mwezi womwewo mwana wa kunyumba za ogwira ntchito muofesi anathyola sitolo, gulu lomwelo n'kulemba kuti "mnyamata wasokonezeka, timupempherere." Nyumba zawozo sanazitche dzina lililonse.

Dzina la Phanga linagwira. Akabaza anayamba kukuwa, "Ku Phanga, gwirani chikwama!" anthu n'kumaseka. Ogula akamva Namitoso ankabweza mpunga uja m'thumba n'kupukuta manja pa chitenje.

Mayi Victoria, amene ankagula kwa Mayi Hafsa chiyambire, anabwera kufuna mpunga wa ukwati wa mchemwali wawo.

"Musandimve molakwika, amayi," anatero, "koma za kwanu kuja munthu sudziwa kuti thumbali lachokera pa khonde la ndani."

"Pa khonde langa, adona. Matuzawa mukuwaona?"

Mayi Victoria anachoka osayang'ana manjawo.

Teremu inali pafupi kutsegulira, Rahema akudikira ndalama za fizi. M'mawa mwake Mayi Hafsa anakokera matumba awo pa benchi yanga.

"Iwe Takondwa, pakamwa pako mpothamanga. Gulitsa. Akafunsa, usanditchule."

Mayi Victoria anabweranso, atazungulira msika wonse osapeza wowakomera. Ananunkhiza, analuma njere, n'kumwetulira.

"Uwu ndiye mpunga! Ukuoneka kuti ngwa anthu aulemu. Ngwa kuti?"

"Wa m'chigwa momwe muno," ndinayankha.

Anatenga wonse. Rahema wapita kusukulu, ndipo ndikhulupirira dzina lonyansalo lidzatha, pakuti ine ndaleka kukwera kabaza aliyense wolitchula. Koma tsiku limenelo mwini mpunga anakhala kuseri kwa benchi, akusankha tomato wanga woola ngati waganyu, kudikira kuti adona achoke.