Denga la Udzu ku Upper Marlboro

Bambo anga anabwera ku Amereka kamodzi kokha, kudzaonetsa maso awo kwa madokotala. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito kubanki ina yaikulu mu Washington, ndipo ine ndi mkazi wanga tinkachita lendi kanyumba kakale kufupi ndi Upper Marlboro. Kanali ka makoma oyera ndi mawindo ang'onoang'ono, denga lake la udzu lochindikala, lotsika mpaka pamwamba pa chitseko. Anakamanga kalekale ndi mzungu wina wolemera amene ankasowa kwawo ku Mangalande. Boma linakalemba m'gulu la nyumba zosungidwa, linakhoma kachitsulo kolembedwa pakhoma, ndipo silinkalola kusintha ngakhale chogwirira cha chitseko. Ine ndinkanyada ngati ndinakamanga ndine.

Titatsika m'galimoto, bambo anayang'ana dengalo nthawi yaitali. Iwowa analima fodya zaka zambiri kuti afolere nyumba yathu ndi malata, ndipo tsiku limene anagwetsa udzu womaliza anapha mbuzi. Anandifunsa chapansipansi ngati ntchito inandithera.

Ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma, kuti kuno udzu ndi wa anthu olemera, wofolera wake amachita kumuitanitsa kutsidya kwa nyanja. Ankangovomera ndi mutu, mmene amachitira munthu amene wakugwira bodza koma akukusungira ulemu.

Loweruka lina anthu okonda nyumba zakale anaimika magalimoto pamsewu n'kuyamba kujambula. Bambo anali pakhonde ndi mwana wathu, mdzukulu wawo. Anam'nyamula msangamsanga, n'kulowa naye m'nyumba, n'kutseka makatani. Kwathu azungu akamajambula mwana pa nyumba yaudzu ndiye kuti akukam'pemphera thandizo. Mtima unandiwawa koopsa.

Kuyambira tsiku limenelo sanakhalenso panja. Chithunzi chokha chimene anapita nacho kumudzi anajambulitsa pakhomo pa sitolo yaikulu ya ku Wheaton.

Anamwalira chaka chotsatira. Kumaliro ndinapeza malata atsopano kuseri kwa nyumba, atamangidwa ndi waya. Mayi anandiuza kuti bambo anagulitsa ng'ombe n'kugula malatawo atangofika kuchokera kwa ine, ndipo chifukwa chake anachiulula atagona kale pamphasa.

"Anati mwana akadzatopa ndi kubisa umphawi wake, abwere," anatero mayi, "tidzam'mangire nyumba yeniyeni."