Injini ya Nsomba Itazima pa Chipata cha Dedza

Zaka zimene ndinkaphika pa chipata cha Dedza, malole ndinkawadziwa ndi makutu. Kanyumba kanga kodyeramo kanali m'mbali mwa msewu, pamene madalaivala ochokera ku Mozambique ankaima podikira mapepala awo. Lole ya feteleza ikaima inkangoti zii. Koma panali ena onyamula makontena oyera, amene ngakhale dalaivala azimitse galimoto, kainjini kena ka kutsogolo kwa kontenayo kankalirabe tsiku lonse. Amenewo anali a nsomba ndi nkhuku zoumitsidwa ndi chisanu.

Mmodzi wa madalaivala a makontena oyerawo anali bambo wina wachikulire wa kutsidya, ku Angonia, wolankhula Chichewa chathu chomwechi. Bambo ameneyu sankakhazikika pakudya. Ndikawapatsa tiyi ndi chipisi, ankaluma kawiri n'kutuluka kukasuzumira pa kagalasi koonetsa nambala ya kuzizira kwa m'kati, kenako n'kubwerera.

Tsiku lina ndinawafunsa mwanthabwala, "Kodi bambo, muli mwana wodwala m'menemo?"

"Mayi, bola mwana, amalira akamva kutentha," anatero. "Nsomba sizinena."

Anandifotokozera kuti anali atanyamula kalapawo, nsomba za kunyanja yamchere, kutali kumene iwonso sanafikeko. Amaziumitsa zikangogwidwa, n'kuzilongedza m'makatoni, n'kutseka kontena ndi loko wa nambala amene sathyoledwa mpaka kwa mwini katundu. M'sitima ya pamadzi kontenayo imalumikizidwa ku magetsi masabata onse a ulendo. Ikatsika pa doko la Beira amailumikizanso. Ikakwera pa lole, ntchito imatsalira kainjini ka dizilo kaja.

"Chisanu chimenechi achisunga anthu ambiri, ena sindidzawaona n'komwe," anatero. "Ine ndine womaliza. Chikathawira m'manja mwanga, palibe amene adzatchule sitima."

M'mawa wina wa mwezi wa Julaye, nkhungu itaphimba phiri lonse, ndinkasenda kachewere pakhomo. Ndinamva kuti china chake chasowa, koma sindinadziwe kuti n'chiyani. Ndinazindikira nditawaona bambo aja akulowa osapereka moni, manja ali bii ndi mafuta. Kainjini kanali katazima m'bandakucha. Anayesa kuliza, kanakana. Anaimbira mabwana awo, ndipo anauzidwa kuti makaniko afika mawa lake. Kupitirira ku Lilongwe sakanatha, chifukwa mapepala anali asanatuluke.

Amuna anga ankakonza injini za zigayo m'midzi ya kwathu ku Chongoni, ndipo tsikulo anali kumunda akukumba kachewere. Ndinati, "Bwanji ndiwaitane abambo a kunyumba adzaone?"

"Zikomo mayi, koma lamulo la kampani sililola munthu wapadera kugwira pamenepo."

Anatuluka osamwa tiyi.

Kuzizira kwa Dedza kumene timakudandaula chaka ndi chaka kunawathandiza m'mawa umenewo. Koma cha m'ma teni nkhungu inayamba kuyera, dzuwa n'kumenya pa kontena. Nambala ija inasuntha. Mbiri nayo inasuntha, mwachangu kuposa nambalayo. Pofika leveni koloko, pamsika ponse panali patamveka kuti nsomba zaonongeka ndipo azigulitsa motchipa. Amayi anayamba kufika ndi mabeseni, n'kukhala pansi tsidya la msewu ngati akudikira chimanga cha thandizo.

Sindingawanyoze amayi amenewo. Kumapiri kuno nsomba yaiwisi si ndiwo ya tsiku lililonse. Ndiulule: inenso ndinatsuka beseni langa lalikulu n'kulibisa pansi pa tebulo. Ndinkawamvera chisoni bambo aja, koma mtima wina unali utayamba kale kuganiza za kalapawo wokazinga ndi tomato.

Mayi wina wolimba mtima anawoloka msewu n'kuwafunsa m'maso muli gwa, "Achimwene, mutsegula nthawi yanji? Ena tasiya ana okha kunyumba."

Bambo aja anayang'ana mayiyo, anayang'ana mabeseni, ndipo anabwera molunjika kwa ine.

"Aimbireni foni amuna anu aja," anatero.

Amuna anga anafika pa kabaza wa njinga yamoto, nsapato zili matope okhaokha, atanyamula thumba lawo la masipanala. Anazungulira kainjini kaja manja ali kumbuyo, osagwira kanthu, kwa nthawi yaitali mpaka ine ndinayamba kuchita manyazi.

"Achimwene, ndinene zoona," anatero pomaliza. "Za firiji sindizidziwa. Mawaya awo sindikhudza. Koma chapansichi ndi injini ya dizilo, mbale wake wa chigayo. Chimenechi ndingayese."

Dalaivala anaimbiranso bwana wake. Tonse tinamva mawu akutuluka mufoni: "Zikaonongeka n'zanu zimenezo." Anaika foni m'thumba, napukuta nkhope ndi chipewa.

"Gwirani," anatero.

Amuna anga anandipempha botolo loyera. Anamasula kapaipi n'kukhetsera mafuta m'botolomo, kenako analikweza kudzuwa kuti tonse tione. Dizilo anayandama pamwamba, pansi panakhala madzi amatope. Anachotsa sefa ya mafuta, anaitsuka, anakhetsa madzi onse mpaka dizilo anayamba kutuluka woyera. Ataliza, kainjini kanatsokomola n'kuzimanso. Amayi a tsidya lija anaseka. Amuna anga sanacheuke. Anati mwalowa mpweya, ndipo anayamba kupopa ndi chala, pang'onopang'ono, ngati munthu wopanda kopita. Dalaivala anawagwirira sipanala.

Wani koloko itadutsa, kainjini kanalira n'kupitirira kulira. Ndinkayembekezera kuti bambo aja adumpha ndi chimwemwe, koma ayi. Anakaima pa kagalasi kaja pafupifupi ola lathunthu, osasuntha, mpaka nambala inayamba kubwerera kumene inachokera. Apo m'pamene anakhala pansi n'kutsamira tayala, nandipempha madzi akumwa.

Amayi aja anabalalika ndi mabeseni awo. Mmodzi podutsa pakhomo panga anati, "Amuna anu atilanda ndiwo lero." Ndinaseka nawo, phazi langa likukankhira beseni langa m'kati mwenimweni mwa tebulo. Madzulo tikubwerera kumudzi ndinawaululira amuna anga za besenilo. Anangoti, "Ndinaliona."

Mapepala anatuluka mawa lake, lole n'kunyamuka. Patapita masiku anayi bambo aja anaimanso pobwerera, kontena ili yopanda kanthu. Anatiuza kuti makinawo amasunga mbiri ya ulendo wonse, moti ku Lilongwe anaona okha maola amene injini inazima. Oyeza zakudya anabwera n'kutsegula makatoni. A kufupi ndi chitseko anapezeka atafewa, ndipo anawakana n'kukawataya. Ena onse analandiridwa. Bwana wawo anawakalipira chifukwa cholola munthu wa zigayo kugwira makina a kampani, koma pomaliza anatsitsa mawu n'kufunsa ngati munthu wa zigayoyo ali ndi foni.

Zimene zinawapweteka kwambiri sizinali kukalipiridwako. Anali makatoni otayidwawo. "Nsomba yayenda nyanja yonse ija kudzathera m'dzenje," anatero. "Bola akanapatsa amayi a mabeseni aja m'mawa womwe uja, zikanali zabwino." Koma anadziwa, ifenso tinadziwa, kuti loko uja sakanathyoledwa pamsewu.

Chaka chisanathe anayamba kubwera ndi lole ya feteleza. Anati kuchipatala anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo akazi awo anawauza kuti asankhe pakati pa nsomba ndi moyo.

Amuna anga sanaitanidwenso ku kontena ina iliyonse. Koma nkhaniyi ankaikamba m'zigayo zonse zimene ankakonza, ndipo inkakula chaka ndi chaka. Mpaka lero ku Chongoni alipo anthu okhulupirira kuti amuna anga anakonzapo sitima ya pamadzi. Ine sindinawatsutsepo.